Injini Ikulira Ngati Tayala Lobowoka: Vuto Lili Pati?

Akonzi, galimoto yanga ndi ya petulo ndipo yatha zaka 12. Kwa masabata awiri tsopano ndakhala ndikumva kaphokoso koti "siii" pansi pa boneti, ngati mpweya wotuluka m'tayala lobowoka. Kamamveka kwambiri galimoto ikaima injini ili chilirire, koma ndikaponda mafuta kamachepa. Injini imanjenjemera, nthawi zina imazima yokha, ndipo nyali yochenjeza za injini yayaka, ngakhale kuti muvi wosonyeza kutentha uli pamalo pake. Kodi ndipitirize kuiyendetsa? Ndine wowerenga wanu wokhulupirika.

Zikomo kwambiri, bambo, makamaka chifukwa mwatiuza nthawi imene kaphokosoko kamamveka, pakuti pa vuto lotere nthawiyo ndi imene imaulula gwero lake. Malinga ndi zimene mwafotokoza, tikukayikira kuti injini yanu ikuyamwa mpweya pamalo olakwika. Injini ya petulo ikamalira musanaponde mafuta, kachitseko kolowetsa mpweya kamakhala pafupifupi kotsekeka, motero mkati mwa njira ya mpweya mumakhala mphamvu yaikulu yokoka, imene amakaniko amaitcha vakyumu. Ngati paipi ya labala yang'aluka chifukwa cha kukalamba, kapena gasiketi, kachinthu kopyapyala kotseka mpata pamene njira ya mpweya imalumikizana ndi injini, yatha, mpweya umalowa mothinana pa mng'aluwo n'kumalira. Mukaponda mafuta kachitseko kaja kamatseguka, kukokako kumachepa, ndiye chifukwa chake phokosolo limachepanso.

Kunjenjemerako kukuchokera komweko. Mpweya wolowera pambaliwu sunayezedwe ndi makina a injini, choncho umachuluka kuposa mlingo woyenerana ndi petulo, ndipo makina owerengera zolakwika akalumikizidwa pa galimoto yotere nthawi zambiri amaonetsa nambala ya P0171.

Kufufuza mungathe kuyamba nokha. Injini itazima ndiponso itazizira, gwirani mapaipi ang'onoang'ono a labala imodziimodzi, muziipinda pang'ono, makamaka kumapeto kumene imalowa pa chitsulo, chifukwa kumeneko ndi kumene imayambira kuuma ndi kung'aluka. Mukapanda kuona kanthu, lizani injini, tengani chidutswa cha paipi yothirira madzi, ikani mbali imodzi pafupi ndi khutu, ndipo inayo muiyendetse pang'onopang'ono mozungulira injini mpaka pamene phokoso lakulira. Manja, malaya ndi paipiyo zitalikire fani ndi malamba. Ena amapopera mankhwala otsukira kabuleta kuti amve ngati kaliridwe ka injini kasintha, koma ife sitikulimbikitsa zimenezo pakhomo, popeza mankhwalawo sachedwa kuyaka. Madzi a m'botolo lopopera angagwire ntchito yomweyo popanda ngozi ya moto. Zonsezi zikakanika, ku galaja ina kuli makina olowetsa utsi m'njira ya mpweya, ndipo utsiwo umatulukira pomwe pali bowo.

Pali malo amodzi amene tikupemphani kuti musawadumphe. Paipi yaikulu ya vakyumu imapita ku chitini chozungulira chothandiza mabuleki, chimene chili kuseri kwa injini moyang'anizana ndi chopondera buleki. Injini itazima, pondani buleki kangapo mpaka italimba, kenako lizani injini phazi lili pomwepo. Chopondera chiyenera kutsika pang'ono. Chikapanda kutsika, kapena kaphokoso kaja kakamasintha mukaponda buleki, galimotoyo isayendenso mpaka makaniko ataiona, chifukwa mungadzafune kuima mwadzidzidzi n'kupeza buleki yauma gwaa.

Owerenga ena amamva phokoso lofananalo injini itangozimitsidwa, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. Kawirikawiri amakhala madzi oziziritsa injini amene akudontha pa chitsulo chotentha, kapena nthunzi yotuluka pa chitsekero cha radiyeta chimene chatha mphamvu. Zizindikiro zake ndi fungo lotsekemera, zoyerayera zouma m'mbali mwa mapaipi, ndi madzi ochepa m'thanki yake. Chitsekerocho musachitsegule injini ili yotentha: madzi ake amakhala opanikizika ndipo amatha kupitirira madigiri 100 osawira, koma mukangotsegula amawira nthawi yomweyo n'kukuthovukirani kumaso. Kaphokoso kamene kamamveka kwa kanthawi kochepa mutazimitsa makina oziziritsa m'galimoto n'kosadetsa nkhawa.

Tibwerere kwa inu, bambo. Ngati mabuleki ali bwino ndipo muvi wa kutentha sukukwera, mungathe kuyenda mtunda waufupi wopita ku galaja, koma musazengereze, chifukwa injini yoperewera petulo imayaka mosalongosoka ndipo m'kupita kwa nthawi ingawononge mapulagi ndi chosefera utsi cha mu ekisozi. Paipi yong'aluka isinthidwe ndi ina ya kukula kofanana, osati kuimata ndi tepi, imene imamatuka ikangomva kutentha. Ngati ndi gasiketi, ntchitoyo isiyireni makaniko, ndipo akamaliza mumupemphe afufute nambala ija kuti muone ngati nyaliyo iyakanso.