Aliyense azilowa mu foda ndi akaunti yake

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake Windows ikutenga aliyense wotsegula foda yanu ya pa netiweki ngati Guest (akaunti ya alendo), ngakhale atalemba dzina ndi pasiwedi.

Pa kompyuta yomwe ili ndi fodayo, tsegulani secpol.msc (pulogalamu ya Windows yosinthira malamulo a chitetezo), mupite ku Local Policies, kenako Security Options. Pezani "Network access: Sharing and security model for local accounts". Ikakhala pa "Guest only", onse amapatsidwa mphamvu zofanana. Isintheni ikhale "Classic", kuti muzitha kusankha wongowerenga ndi wololedwa kusintha mafayilo. Pa mafayilo a ntchito, musanyengerere pamenepa.

Akaunti ya aliyense wolowa mu foda ikhalepo pa kompyutayo ndipo ikhale ndi pasiwedi, chifukwa yopanda pasiwedi Windows imaikana pa netiweki.

Pa Windows Home secpol.msc palibe, choncho mu registry (momwe Windows imasungira masetingi ake) ikani setingi ya ForceGuest pa 0, zomwe zikufanana ndi kusankha "Classic".