Masiku atatu ku Pompeii ndi Amalfi akwana, bola muwagawe bwino

Achemwali, mwafunsa ngati masiku atatu angakwane kuona Pompeii, mzinda wakale wa Aroma umene unakwiririka phiri litaphulika, ndi matauni a m'mbali mwa nyanja ku Amalfi, m'dziko la Italy. Akwana, koma musaphatikize ziwirizi tsiku limodzi. Muzigona m'tauni ya Sorrento, chifukwa sitima, mabasi ndi maboti zimakumana kumeneko.

Tsiku loyamba, popita ku Pompeii kwerani sitima ya Circumvesuviana yopita ku Naples, mutsike pa Pompei Scavi, ulendo wa mphindi pafupifupi 30. Chipata cha Porta Marina chili pomwepo. M'sitimamo chikwama chikhale kutsogolo, opisa m'matumba salephera. Tikiti yolowera guliranitu pa intaneti: kuyambira Novembala 2024 amalola anthu 20,000 okha patsiku, ndipo tikitiyo imakhala ndi dzina lanu, choncho pasipoti isatsale. Chikwama chachikulu salola kulowa nacho.

Mzindawu ndi wa mahekitala pafupifupi 66, simungaumalize. Misewu yake ndi yamiyala ikuluikulu yakuda, yokumbika mmene munkadutsa mateyala a ngolo, ndipo pakati pali miyala yotumphuka imene anthu ankapondapo powoloka. Nsapato zazitali chidendene zisiyeni kuchipinda. Mthunzi ndi wosowa, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti dzuwa lake ndi loswa mtengo. Lowani m'mamawa ndi botolo, muzidzaza pamipopi ya m'katimo.

Tsiku lachiwiri, chonde musadumphe Herculaneum, tauni inanso yakale ya Aroma, pa siteshoni ya Ercolano Scavi panjanji yomweyo. Ndi yaying'ono, maola atatu akwana, koma imagwira mtima kuposa Pompeii. Phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79 AD, tauniyi inakwiririka mozama kwambiri, ndipo kutentha kunasandutsa matabwa kukhala makala osawapsereza. N'chifukwa chake mitanda ya denga, zitseko ndi nyumba zosanja zilipobe. Kumunsi, m'zipinda zoyang'ana kumene kunali gombe, munapezeka mafupa a anthu pafupifupi 300 amene anathawirako.

Tsiku lachitatu likhale la matauni a Positano ndi Amalfi. Tikiti ya basi ya SITA gulani musanakwere, ndipo mukhale kudzanja lamanja kuti muziona nyanja. Msewu ndi wopapatiza, wokhotakhota. Ngati galimoto imakuchititsani nseru, kwerani boti, lomwe limayenda kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala, kupatula nyanja ikakalipa. Pobwerera kwererani ku Amalfi kumene basi imayambira, chifukwa madzulo imafika ku Positano itadzaza kale n'kungodutsa.