Mayi, mwanayo mankhwala ake musamusiyitse

Mayi, yambani mwamupatsa mwanayo mankhwala ake a usiku uno, mlingo womwe uja wa masiku onse osawonjezera, kenako mubwere mudzawerenge zinazi. Ndikuyankha zimene mwandilembera, zoti mwana wanu wa khunyu mwamusiyitsa mankhwala chifukwa cha mawu a mneneri. Mwana wa khunyu amene wakhala akumwa phenobarbitone sasiyitsidwa mwadzidzidzi, kaya mneneri wanuyo waona zotani m'masomphenya. Thupi linazolowera mankhwalawo, ndiye mukangodula, kugwa kumabwera kotsatizana ndiponso koopsa kuposa kale. Poti mwati lero ndi tsiku lachitatu asakumwa, mawa m'mawa mutenge buku lake la kuchipatala mukafotokoze zoona zokhazokha. Angakukalipireni, koma akuthandizani.

Zandiwawa kuwerenga kuti mneneriyo wakuuzani kusala masiku 7 osadya osamwa, kudzala mbewu ya K50,000, ndi kuti wolodza mwana ndi apongozi anu. Anthu amenewa sakhalapo nthawi yoopsa ija, cha m'ma 2 koloko usiku. Mwana wauma gwa, maso atembenuka, thovu kukamwa, wadziluma lilime, wadzikodzera pamphasa. Inu ndi njala ya masiku atatu miyendo ikunjenjemera, kumunyamula mukulephera. Mukuimba foni ya munthu wa Mulungu, yathimitsidwa. Ndalama ya kabaza wa njinga yamoto ndi ija munatumiza ngati mbewu. M'manja mwangotsala kabotolo ka madzi odzozedwa, ndiye mantha amakuuzani kuti mumumwetse. Musayerekeze! Munthu amene akugwa sangameze, madziwo amalowa m'mapapo. Mugonekeni cham'mbali, ikani chitenje chopinda pansi pa mutu, chotsani mbaula ndi ndowa ya madzi pafupi. Supuni kapena chala mkamwa ayi, kumupanikiza ayi. Yang'anani nthawi pafoni. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, dzutsani aneba muthamange naye kuchipatala. Kupemphera pempherani muli panjira.

Ndipo aneneri ogulitsa madziwa, ine amandinyansa. Mwana akachira ati ndi mafuta awo, akafooka ati chikhulupiriro chanu n'chochepa, onjezerani mbewu. Iwowo mutu ukangowawawa amathamangira kuchipatala cholipira. Werengani Machitidwe 8:20 muone mmene Petro anamuyankhira Simoni amene ankafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama.

Mwafunsa ngati kupita kuchipatala n'kusakhulupirira kuti Mulungu akukonzerani njira. Anthu amakonda Eksodo 14:14, pamene Mose akuti Yehova adzakumenyerani nkhondo, inu mungokhala chete. Koma vesi 15 amaidumpha. Pamenepo Mulungu akufunsa Mose chifukwa chake akumulirira, n'kumuuza kuti anthu anyamuke aziyenda. Ku 2 Mbiri 20 Yehosafati anauzidwa kuti nkhondoyo si yake koma ya Mulungu, komabe m'mawa mwake anadzuka n'kupita kumene kunali adani. Nehemiya 4:9, anapemphera n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Nanga pa Marko 9, mnyamata amene ankagwera pamoto ndi m'madzi uja, Yesu anayamba wafunsa bambo ake kuti zinayamba liti. Bamboyo anavomera kuti chikhulupiriro chake n'choperewera, koma sanabwezedwe, ndipo sanalipitsidwe kanthu. Njira imene Mulungu wakonza nthawi zina imadutsa pabenchi la kuchipatala, ndipo imatha kukhala yaitali. Eksodo 13:17 akunena kuti Aisraeli Mulungu sanawadutsitse njira ya kwa Afilisti ngakhale inali yachidule. Mankhwala a khunyu nawo amamwedwa kwa zaka, ndipo wonena kuti achepetsedwe ndi dokotala, mwana atakhala nthawi yaitali osagwa.

Kusala sindikukuletsani. Koma masiku 21 a Danieli amene anthu amatchula aja, pa Danieli 10:3, anangosiya nyama, vinyo ndi zakudya zonona. Inu salani kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 12 masana kapena 6 madzulo, madzi muzimwa, ndipo pomasula yambani ndi phala. Ngati mukuyamwitsa, muli oyembekezera, kapena mumamwa mankhwala a shuga, musasale chakudya, salani Facebook yomweyi. Eliya atafooka mpaka kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo anam'patsa mkate ndi madzi, kawiri konse. Pezani amayi awiri a kumpingo kwanu oti muzipemphera nawo, mmodzi akhale wapafupi woti mungamugogodere usiku. Muzilembanso m'kope tsiku limene mwana wagwa, nthawi yake, mphindi zingati, ngati anali ndi malungo kapena sanagone bwino. Kopelo a kuchipatala lidzawathandiza kukonza mlingo.

Za apongozi, tsekani pakamwa. Aefeso 6:12 akuti sitilimbana ndi thupi ndi mwazi, ndiye mdani wanu akhala bwanji gogo wa mwana yemweyo? Kuno ku Malawi lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, mukhoza kumangidwa nazo, ndipo agogo ambiri avulazidwa chifukwa cha mawu otere. Banja likatha mneneriyo sadzakulipirirani lendi.

Mneneriyo mukhululukireni, musiyeni m'manja mwa Mulungu, nkhondo si yanu. Koma mauthenga onse a pafoni, ndi uja wotumizira ndalama, musafufute. Ajambuleni musunge, muwaonetse abusa anu ndi bambo a kunyumba. Akakuopsezani kuti mukasiya kupita kwa iye mwana afa, pitani nawo ku Victim Support Unit kupolisi, ndipo K50,000 yanuyo mukaitchule.