Galimoto yodula chonchi, tiyendetse kapena tingoisunga?

Funso: Akulu, ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo abwana anga ali ndi Dodge Charger ya 1969 mu galaja, amangoipukuta basi osaiyendetsa, akuti ndi ndalama ya mtsogolo. Kodi si kuononga galimoto kumeneku?
— Wowerenga wa ku Joni

Yankho: Achimwene, abwana anuwo sakulakwa kwenikweni. Magalimoto a ku America a injini zikuluzikulu za V8 amenewa ena amagulitsidwa ndalama zoopsa, mu 2014 Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga inagulidwa madola 3.5 miliyoni pa okushoni ya kampani ya Mecum ku Seattle. Ogula amayang'ana ma kilomita ochepa komanso ngati injini ndi yomwe ija inachokera nayo ku fakitale, ukangoiphulitsa n'kuika ina mtengo wagwa basi.

Koma ine mtima umandiwawa ndikaona galimoto yotere itangokhala. Galimoto ikakhalitsa osayenda ma silo a labala otsekera oilo amauma n'kuyamba kudontha oilo, petulo amaonongeka mu thanki n'kutseka kabureta, mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, matayala amaphwatalala mbali yomwe yakhala pansi, ndiye makoswe nawo amadzadya mawaya. Ndipo si Charger iliyonse ili ngati Daytona, mtundu wapadera wa Charger womwe anapanga zochepa zedi, zambiri kuyenda pang'ono sikuzigwetsa mtengo kwenikweni.

Auzeni mwaulemu aziitulutsa kamodzi pamwezi kunja kukakhala kouma, ayende mpaka injini itenthe bwinobwino osati kungoiliza pakhomo, inshuwalansi ikhale yoti mtengo wa galimotoyo agwirizaniretu ndi kampani ya inshuwalansiyo, ndipo malisiti onse a sevisi asunge.