Kodi edelweiss angamere pakati pa miyala ku Dedza?

Mlimi wina wa maluwa ku Dedza wafunsa ngati angabzale edelweiss pakati pa miyala ya pakhomo pake, popeza m'bale wake wa ku Switzerland wamulonjeza mbewu, ndipo akufuna kudziwa manyowa oyenera kuthira.

Duwali kwawo ndi kumapiri a Alps, Pyrenees ndi Carpathians ku Ulaya, komwe limamera m'ming'alu ya miyala ya laimu pamtunda wa mamita 1,800 mpaka 3,000, ndipo limachita maluwa kuyambira Julayi mpaka Sepitembala. Chimene chimaoneka ngati nyenyezi yoyera ndi masamba okutidwa ndi ubweya, pamene timaluwa tenitenito ndi tachikasu ndipo tili pakati. Ubweyawo umaliteteza ku dzuwa lamphamvu, ku chisanu ndi ku mphepo youmitsa.

Pa nkhani ya manyowa, bambo, musathire ngakhale pang'ono. M'dothi lachonde kapena pamthunzi duwali limangotalika, masamba ake nkubiriwira, ndipo kuyera kumene mukulifunirako kumatha. Chimene chimalipha kwambiri ndi madzi odikha patsinde, makamaka kukamatentha, ndipo mvula yathu ya Januwale imabwera ndi zonse ziwirizi. Nchifukwa chake muunjike miyala pamalo otsetsereka, m'mipata yake muike timiyala ta kwale, mchenga wa kumtsinje ndi dothi lochepa lothira laimu pang'ono, kenako mumwaze timiyala pansi pa masamba kuti asakhudze matope. Mukathira chitini cha madzi, alowe pansi nthawi yomweyo. Akachedwa, onjezerani timiyala.

Mbewu zake zimafuna kuzizidwa zisanamere, choncho muzisunge mu mchenga wachinyezi mufiriji kwa milungu itatu kapena inayi, ndipo muzifese mu Meyi osazikwirira, chifukwa zimamera zikalandira kuwala. Musaiwale kuti kulowetsa mbewu m'dziko muno kumafuna chilolezo cha boma.

Kunena zoona, mwayi ku Dedza ulipo koma si waukulu, ndipo ku Salima kapena ku Nsanje sindingalangize munthu kuyesa nkomwe. Abale ake a duwali, a mtundu wa Helichrysum, amamera okha ku Nyika ndi kuphiri la Mulanje, ndipo sakufunika kuwanyengerera chonchi. Ngati mtima wanu uli pa edelweiss basi, zina muzibzale mu mphika woboola pansi kuti muzitha kuusunthira pakhonde mvula ikalimbikira.