N'chifukwa chiyani mipingo inachuluka chonchi?

Funso: Akonzi, kuno ku Mchinji pa maliro timakhala limodzi pa siwa, koma likafika Lamulungu wina amalowera ku Katolika, wina ku CCAP. Kodi kugawikanaku kunayamba bwanji? Ndine wowerenga wanu wa kwa Mkanda.

Yankho: Zikomo bambo. Mng'alu waukulu unachitika m'chaka cha 1054, pamene mpingo wa ku Rome ndi wa ku Constantinople inasiyana, makamaka pa nkhani ya ulamuliro wa Papa. Mu 1517 Martin Luther wa ku Germany analemba mfundo 95 zotsutsa mchitidwe wogulitsa zikalata zochotsera chilango cha machimo, ndipo Chiprotestanti chinayambira pamenepo.

Kuno kwathu mipingoyi inafika ili yogawikana kale. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, pomwe ansembe a Katolika a White Fathers anatsegula Kachebere, kwanu komweko, mu 1903. Kawirikawiri agogo athu ankangolowa mpingo umene unamanga sukulu pafupi ndi mudzi wawo, osati chifukwa chosanthula ziphunzitso.

Komabe kuyanjana kwakhala kulipo. CCAP inabadwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, ndipo Nkhoma, ya a Dutch Reformed aja, inalowa mu 1926, ngakhale kuti masinodiwa pambuyo pake anadzakangana pa za malire. Chimene ine ndimachiona cholimba kwambiri ndi Buku Loyera, Baibulo la Chichewa limene Akatolika ndi Aprotestanti anamasulira pamodzi n'kulitulutsa mu 1998.