Kutsegula m'mimba kunatha, bondo n'kutupa: zikugwirizana bwanji?

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa bambo wina wa ku Chibavi ku Mzuzu amene amapalasa kabaza. Dzina ndalibisa monga anapemphera. Akuti mwezi wathawu anatsegula m'mimba koopsa, chimbudzi chake chosakanikirana ndi magazi, koma patangopita masiku ochepa zinasiya. Atadutsa masabata atatu bondo lakumanja linatupa, kenako chidendene chakumanzere chinayamba kuwawa moti m'mawa akamadzuka amalephera kuponda pansi. Maso anafiira, pokodza pankawotcha. Kuchipatala anamuuza kuti ndi reactive arthritis, mtundu wina wa nyamakazi. Funso lake ndi ili: "Matenda a m'mimba angafike bwanji m'bondo? Kunyumba akuti ndinaponda mankhwala, anzanga pasiteji akuti ndi chisanu cha Mzuzu."

Achimwene, zimene anakuuzani kuchipatala zikugwirizana bwino ndi zimene mwafotokoza. Chisanu cha kuno chimachititsa kuti ululu uzimveka kwambiri, zimenezo sindikana, koma sichitupitsa bondo.

Nyamakazi yamtunduwu imayambira kutali ndi mafupa, m'malo awiri: m'matumbo kapena m'njira ya mkodzo. M'matumbo olakwa ake ndi mabakiteriya otchedwa Shigella, omwe amayambitsa kamwazi, Salmonella, Campylobacter ndi Yersinia. Amalowa kudzera m'madzi oipa, nkhuku yosapsa bwino, mazira aawisi, kapena chakudya chogwiridwa ndi manja osasamba. M'njira ya mkodzo ndi Chlamydia trachomatis, kachilombo kofala pogonana. Kameneka n'kachinyengo, chifukwa anthu ambiri, makamaka amayi, amakhala nako osamva chilichonse.

Tizilomboti tikalowa, asilikali a m'thupi amatimeza n'kutiphwanya. Nkhondo ya m'matumbo imatha, munthu n'kuchira. Koma ena mwa maselo amene anameza tizilombo aja sakhala pamalo amodzi, amayenda ndi magazi atanyamula zidutswa za mabakiteriyawo, n'kukazitula pakachikopa kopyapyala kamene kamakuta mkati mwa bondo kapena kakolo. Kachikopa kameneka ntchito yake n'kupanga timadzi tofewetsa pokumana mafupa. Chitetezo cha m'thupi chikaona zidutswazo chimayesa kuti mdani wafika, n'kuyamba kutulutsa mankhwala ake ankhondo. Kachikopa kaja kamatupa, timadzi timachuluka, bondo limatentha n'kuuma. Zili ngati achinyamata olondera usiku atapeza chipewa cha wakuba pakhomo pa munthu wosalakwa n'kuyamba kugumula nyumbayo, mwini chipewa atathawa kalekale.

N'chifukwa chake adokotala akapopa madzi a m'bondo lotere n'kukawapima ku labu, mabakiteriya samera. Chlamydia yekha ndiye amasiyana pang'ono: amatha kufika m'bondomo ali wamoyo koma atafooka, osaswana bwinobwino, n'kumangoputa chitetezo cha m'thupi kwa nthawi yaitali. Zonsezi zimafuna nthawi, kawirikawiri sabata imodzi mpaka masabata anayi. Pofika tsiku limene bondo likutupa, munthu amakhala ataiwala kale zam'mimba zija, ndiye m'pomwe nkhani zoponda mankhwala zimapezera mpata.

Matendawa ali ndi kayendedwe kake kodziwika. Amakonda miyendo, ndipo sagwira mbali zonse mofanana: bondo uku, kakolo uko. Amakondanso pamene mtsempha wolimba umalumikizana ndi fupa, monga kuseri kwa chidendene ndi kunsi kwa phazi, ndiye chidendene chanucho. Ena chala chakuphazi chimatupa chonse kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Ena msana umawawa m'munsi cham'chiuno, makamaka usiku ndi m'mamawa, n'kumapepuka akayamba kuyendayenda. Ena amatuluka tizilonda tosawawa m'kamwa kapena kumaliseche, kapenanso zikhanambo zokhuthala kunsi kwa mapazi. Ndipo mvetsani ichi, chifukwa chasokonezapo mabanja: kuwotcha pokodza kumatha kubwera ngakhale matenda atayambira m'matumbo. Pakokha si umboni woti munthu anayenda panja. Kupimitsa ndiye kumathetsa mkangano.

Nanga bwanji inu nokha, pamene mwina munadya mbale imodzi ndi anzanu? Chifukwa ochepa okha ndi amene zimawachitikira. Mu 1944 ku Finland kunabuka kamwazi amene anagwira anthu pafupifupi 150,000, ndipo amene anadzadwala nyamakaziyi anali 344. Kwa azungu nkhani imakhala pa chizindikiro china chobadwa nacho cha pamaselo chotchedwa HLA-B27; amene ali nacho amagwidwa mosavuta ndipo matenda amakhalitsa. Ife a kuno kum'mwera kwa Africa chizindikirochi n'chosowa kwambiri, ndipo kale matendawa sankaonekaoneka. Zinthu zinasintha ndi kubwera kwa HIV. M'zaka za m'ma 1990 madokotala a ku Lusaka, Njobvu ndi McGill, analemba kuti odwala nyamakazi yotere achuluka, ambiri mwa iwo ali ndi HIV koma alibe HLA-B27. Sindikunena kuti muli ndi kachilombo, achimwene, alipo ena amadwala alibe. Koma ndikanakhala ine ndikanayezetsa sabata yomwe ino, kuchipatala cha Mapale kapena kulikonse kumene kuli pafupi, chifukwa zotsatira zake zimasintha mankhwala amene angakupatseni.

Mabuku akale amawatcha matenda a Reiter, potengera Hans Reiter, dokotala wa ku Germany amene anafotokoza za msilikali wodwala motere mu 1916. Dzinalo analisiya chifukwa munthuyo anadzatenga nawo mbali pa nkhanza za chipani cha Nazi. Mukaliona pakhadi lanu lakuchipatala musadabwe, matenda ake ndi omwewa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna owerenga ena achimve molakwika. Si bondo lililonse lotupa limene lilibe tizilombo mkati. Pali matenda ena amene mabakiteriya amalowa m'bondo mwenimweni n'kupanga mafinya, ndipo amatha kuwononga bondo m'masiku ochepa chabe. Chinzonono chimachitanso zimenezi, TB nayonso imagwira mafupa. Bondo limodzi likatupa mwadzidzidzi, likutentha, thupi likuwotcha, munthu akunjenjemera, osalola ngakhale kulikhudza, ameneyo apite ku Mzuzu Central kapena ku St John's tsiku lomwelo. Ambiri amaopa jakisoni wopopera madzi m'bondo, akuti amalemaza. Salemaza. Ndi amene amasiyanitsa matenda awiriwa, ndipo madziwo akachoka ululu umachepa.

Pa zamankhwala, choyamba ndi oletsa kutupa monga ibuprofen, diclofenac kapena indomethacin, omwa tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo monga adokotala anenera, osati pokhapokha pakawawa. Panado amaziziritsa ululu koma kutupa sakukhudza. Mankhwalawa amwereni pachakudya, ndipo ngati muli ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso, kapena mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir, nenani, chifukwa amalemetsa impso. Bondo likakanika amabayamo jakisoni wa steroid, mankhwala amphamvu oletsa kutupa, atatsimikiza kaye kuti mulibe mafinya. Matenda akapitirira miyezi ingapo pali sulfasalazine ndi methotrexate, omwe amafuna kuyeza magazi pafupipafupi.

Makapusozi ogula pagolosale ndiye musataye nawo ndalama. Ngati gwero linali m'matumbo ndipo kutsegula kunasiya, maantibayotiki sachiritsa bondo, poti palibe choti aphe. Amagwira ntchito pamene Chlamydia alipo kapena akuganiziridwa: nthawi zambiri doxycycline wa masiku 7, ndipo mayi akunyumba nawonso alandire chithandizo, apo ayi muzingopatsirana. Ngati ali oyembekezera amapatsidwa mankhwala ena. Pachifukwa chimenechi muwauze adokotala zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Mphini pabondo lotupa ayi ndithu. Lumo limatsegulira khomo mabakiteriya, ndipo bondo limene linalibe mafinya likhoza kukhala nawo.

Maso musawapeputse. Kufiira kongoyabwa kumatha kokha. Koma diso likamawawa mkati, likamaopa kuwala, kapena mukamaona ngati muli mu nkhungu, pitani kwa a zamaso osagona, chifukwa kutupa kwa mkati mwa diso kumatha kuchititsa khungu.

Ndikudziwa kuti funso lenileni ndi lakuti mubwerera liti panjinga, poti ndiyo imadyetsa ana. Ambiri amachira pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi, ena zimafika chaka. Alipo amene amayambiranso kapena kukhala nawo nthawi yaitali, makamaka akatenganso tizilombo tija. Bondo lidakali lotupa musakwere nalo zitunda za ku Masasa mutanyamula munthu. Ngati n'kotheka bwereketsani njingayo kwa wachibale muzigawana ndalama. Koma musangogonanso pamphasa tsiku lonse, chifukwa minofu ya ntchafu imafota msanga. Mukakhala pansi muziwongola mwendo, kuulimbitsa kwa kanthawi n'kuumasula, kangapo patsiku, ndipo m'nsapato muikemo kasiponji pansi pa chidendene. Kutupa kukatsika yambani ndi mitunda yaifupi, malo athyathyathya, opanda katundu. Pakapita mwezi mukumwa mankhwala koma osaona kusintha, bwererani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi a zamafupa.